Chipsera cha pa liwombo

Kwa zaka ziwiri sindinalankhule ndi alamu anga, nkhani yake ya tsitsi.

Alamuwo amameta anthu pa Chinyunyu, kwa Mfumu Bundabunda, m'mbali mwa msewu wa Great East. Tsiku lina atandimeta, pa liwombo panatuluka tiziphuphu toyabwa. Tinaphulika mafinya, panachita nkhanambo, tsitsi n'kuyamba kusosoka. Ndinauza aliyense kuti makina awo ndi auve, sawapukuta ndi sipiliti. Anthu anamva. Benchi lawo linayamba kukhala lopanda munthu, ndipo mkazi wanga, mlongo wawo, ankangondipakulira nsima osanena kanthu.

Kukiliniki ina anati ndi chipere, nandipatsa mafuta opaka. Amayi anati ndikasambe pa kasupe wa madzi otentha wa pa Chinyunyu pompo. Ndinapitako katatu, mbandakucha, chipewa chili kumutu. Bala linkangokula.

Ku UTH, ku Lusaka, dokotala wa khungu anandijambula ndi foni n'kundionetsa: tsitsi lambiri likutulukira pabowo limodzi, ngati mswachi. Anatenga mafinya, nadula kachikopa kakang'ono kuti akakaunike. Nditabwerako anandilembera dzina papepala, folliculitis decalvans. Ndi matenda osowa. Kachilombo ka Staphylococcus aureus kamakhala pakhungu la anthu ambiri osawavuta, koma langali thupi limalimbana nako mopyola muyeso, mpaka kuwononga mizu ya tsitsi.

"Sanandipatsire ndi makina ometera?" ndinafunsa.

"Ayi bambo, awa sapatsirana."

Kunena zoona, ndinkafuna avomere.

Anandilembera rifampicin ndi clindamycin wa masabata 10, atayamba wandiyeza TB, poti rifampicin ndi mankhwala a TB ndipo saperekedwa chisawawa. Mkodzo unafiira ngati Fanta, monga anandichenjezera. Mafinya anauma. Koma pomwe muzu unafa tsitsi silimeranso, ndipo anati matendawa amatha kubwerera. Pa liwombo panatsala chipsera chosalala, chachikulu ngati chikhatho cha mwana.

Loweruka lina ndinagwira tambala, ulendo wa pa Chinyunyu. Mawu onse amene ndinakonza m'njira anandithawa. Alamu anayang'ana tambalayo, nayang'ananso chipewa changa.

"Khalani apa, alamu. Vulani tione."

Makina anawaika pambali, natenga sizasi. Anameta mozungulira chipseracho pang'onopang'ono, pabenchi pali anthu awiri okha.