Mawanga a pa Misongolo ya Mai wa pa Soweto

Pakati pa azimai ogulitsa matimati ndi repu pa msika wa Soweto mu Lusaka pali mai wina wocokera ku Katete amene pa misongolo pake panatuluka timawanga tofiirira. Tinakula pang'onopang'ono kwa zaka ziwiri, ndipo pakati pa banga lililonse khungu linapyapyala ndi kunyezimira. Sanamve kuwawa, koma anaopa khate. Anzake ananong'onezana kuti anaponda mankhwala, pakuti pa msika nsanje siisowa. Phindu la matimati linathera pa mafuta odzola a ogulitsa m'njira.

Cimene cinamtengera ku cipatala ndi wilibala. Amene anafikapo pa Soweto m'mamawa adziwa m'mene anyamata athamangira ndi matumba a kabici, osayang'ana mwendo wa munthu. Wilibala inamkhudza pa banga, ndipo cilondaco cinakana kupola miyezi itatu. Ku University Teaching Hospital anampima magazi napeza matenda a shuga, amene iye sanadziwe kuti ali nawo.

Nthenda ya khunguyi madotolo aicha necrobiosis lipoidica. Anayamba kuilongosola ndi dotolo wa ku Vienna, Oppenheim, mu 1929. Ndi yosowa ndithu: mwa odwala shuga 1,000 igwira atatu kapena oposerapo pang'ono, makamaka azimai. Siipatsirana, ndipo cakudya ca m'manja mwa wodwalayo ciribe ngozi. Ici maiyu anapempha kuti acibwereze, pakuti malonda ake anali pamenepo.

Mankhwala oithetseratu palibe. Anamtsuka cilonda ndi kucimanga kufikira cinapola, namuuza kucinjiriza misongolo ndi masokosi ochindikala. Motero anasamutsa thebulo lake kucoka pa njira ya mawilibala, ngakhale kuti ogula adutsa ambiri pomwepo. Anampatsanso mafuta a steroid oti adzoze m'mphepete mwa banga mokha, pamene nthenda ikali kuyenda, osati pakati. Apa mpofunika kusamala, cifukwa mafuta ena a pa msika, makamaka oyeretsa nkhope, ali ndi mankhwala a mtundu womwewo, ndipo akadzozedwa cisawawa apyapyalitsa khungu lofooka kale.

Za shuga dotolo sanamnyengerere. Kumtsitsa sikucotsa mawanga mwa onse, koma kuthandiza zilonda kupola, kutetezanso maso, impso ndi mapazi. Mapiritsi akumwa osadumpha tsiku. Covuta, ati, ndi tiyi wa m'mawa wopanda shuga.