Za Nkhalamba Imene Inayenda Mailosi 240 Kukaona Mbale Wace

Mwezi uno ndifuna kukamba nanu za munthu wina wa ku Amereka, dzina lace Alvin Straight, amene anali kukhala m'mudzi wa Laurens, m'cigawo ca Iowa. M'caka ca 1994, pokhala iye wa zaka 73, anamva kuti mbale wace Henry wagwidwa ndi nthenda yakufa ziwalo ku cigawo cina, ca Wisconsin. Pakati pao panali mailosi 240. Tsono Alvin maso ace anali atacita cidima, ndipo analibe cilolezo ca kuyendetsa galimoto. Cimene anali naco ndico kamakina kosengera udzu wa pabwalo, kamene munthu akhalapo nakayendetsa, ndipo sikapitirira mailosi 5 pa ora limodzi. Iye anamangirira ngolo kumbuyo kwace, naikamo zakudya ndi zopfunda, nanyamuka. Anakhala pa njira monga masabata 6 kufikira anafika kwa mbale wace.

M'caka ca 1999 David Lynch anakonza za ulendo uwu cithunzithunzi coyenda, cimene anthu acicha kanema, nacipatsa dzina lakuti The Straight Story. Amene anaimira Alvin m'menemo ndiye Richard Farnsworth, nkhalamba nayenso, amene anagwira nchitoyo alikudwala nthenda ya khansa, namwalira m'caka ca 2000. M'kanemamo mbale uja amuchula Lyle, ndipo atiuza kuti awiriwa anakhala zaka 10 osalankhulana. Cimene cinawalekanitsa, monga Alvin aulula yekha kwa mbusa wina amene anakomana naye pafupi ndi manda, ndico mkwiyo ndi kudzikuza, zosanganizika ndi mowa.

M'nkhani yonseyo mulibe nkhondo kapena kuthamangitsana. Tingoona nkhalamba yoyenda ndi ndodo ziwiri, irikupita pang'onopang'ono pakati pa minda ya cimanga pa nyengo ya masika, magalimoto akuru alikuipitirira ndi mphepo yao. Usiku isonkha moto m'mbali mwa mseu, ndipo apaulendo ena adza kudzaotha. Anadza mtsikana wina wapakati, wothawa kwao cifukwa ca mantha. Alvin sanamdzudzula, koma anamuuza cimene ankacita ndi ana ace: ankawapatsa kamtengo kamodzi kuti athyole, ndipo kanathyoka; pamenepo ankamanga timitengo tambiri pamodzi, ndipo analephera kutithyola. Mtolo umenewo, anati, ndiwo banja. M'mawa mwace mtsikana anali atacoka, atasiya pansi mtolo wa timitengo womangidwa bwino.

Koma cimene candikhalira mumtima koposa ndi ici. Makina aja ataonongeka pa citunda cotsetsereka, munthu wacifundo wa m'mudzi umene anaimamo anati adzamtenga pa galimoto wace, kuti afike tsiku lomwelo. Alvin anathokoza, koma anakana, nati afuna kutsiriza ulendo monga anauyamba. Wina anganene kuti uku ndiko kuuma mutu, ndipo mau ace sali acabe iai. Pakuti mbale uja anali wodwala, ndipo akadafa Alvin ali pa njira, masabata onsewo akadapindulanji? Ine ndibvomereza kuti pamenepa panali ciopsezo cacikuru, ndipo sindingalangize munthu kuti azengereze pamene mbale wace ali gone. Komabe ndiganiza kuti ndizindikira cimene nkhalambayo inafuna. Munthu amene wakhala cete zaka 10 sakhala ndi mau okwanira kufafaniza zakazo. Mau a kupepesa aturuka msanga, ndipo wolakwiridwa akhoza kuwakayika. Koma mvula imene inambvumba, ndi kugona kuthengo, ndi kuwawa kwa m'cuuno mwace, izi mbale wace sakanatha kuzikayika. Ulendowo ndiwo unali kupepesa kwace.

Inu amene muwerenga Buku Lopatulika mudzakumbukira Yakobo, m'mene anabwerera atakhala zaka 20 kwa Labani, monga zalembedwa pa Genesis 32 ndi 33. Iyenso anayenda pang'onopang'ono, ali ndi mantha, pakuti anamva kuti Esau alinkudza ndi amuna 400. Anatsogoza mphatso za mbuzi ndi nkhosa ndi ngamila, nafika alikutsimphina, nawerama pansi kasanu ndi kawiri. Ndipo Esau, amene anali naco cifukwa ca kubwezera, anamthamangira namfungatira, nalira onse awiri. Sitiwerenga kuti anakhala pansi kuwerenga milandu yakale.

Comweconso kanema uyu atha. Alvin aoloka mtsinje waukuru wa Mississippi, nafika pa kanyumba kakugwa-igwa, naitana mbale wace ndi dzina. Lyle aturuka alikutsamira cogwirira ca odwala, ndipo akhala pansi onse awiri pakhonde. Lyle ayang'ana kamakina kaja nthawi yaitali, nafunsa ngati wakwera kameneko njira yonseyo kudzamuona iye. Alvin abvomera. Misozi ilengeza m'maso mwa Lyle, ndipo onse awiri akweza maso kuthambo, monga ankacita ali ana poyang'ana nyenyezi. Palibe amene anafunsa kuti ndani anayamba ndeu.

Tsono tiyeni tidzifunse ife eni. Mu mpingo muli abale a mimba imodzi amene akhala pa mabenci osiyana, nadya Mgonero wa Ambuye pa gome limodzi, koma poturuka wina alowera kum'mawa, wina kumadzulo. Yense alindira kuti mnzace ayambe, pakuti ayesa kuti woyamba kupita ndiye wabvomera kulakwa. Koma pa nkhani ya Alvin anayamba ndi iye amene miyendo yace inali ikali kumlola, osati amene cifukwa cace cinacepa. Ambiri a ife mbale amene sitilankhula naye sali pa mailosi 240; ali kutsidya kwa dambo, ulendo wosafika ora limodzi pansi.

Alvin Straight anamwalira m'caka ca 1996, zitapita zaka ziwiri zokha cicitire ulendo wace. Akadati alindire nyengo yabwino, kapena kuti mkwiyo uyambe watha wokha, nthawi ikadamthera. Cifukwa cace, mbale wanga, ngati pali wina amene dzina lace labwera mumtima mwako powerenga mau awa, usalindire kufikira uthenga wa maliro ndiwo udzakuyendetse njira imeneyo. Pempha Mulungu akupatse mtima wofatsa, tenga ndodo yako, nupite sabata lino.