Usiku umene batire linanunkha m'nyumba mwathu

Njinga yanga yamagetsi ndinaipeza kudzera mwa achimwene amene ali ku Johannesburg. Inabwera pa thiraki, yakale ndithu, koma kwathu kuno kufupi ndi Chinkhoma inandisandutsa munthu. Anzanga a kabaza akamagona pa mzere wa mafuta ku Kasungu boma, ine ndinkangodutsa mwakachetechete.

Mwezi wa Okotobala, nazale ya fodya ikufuna madzi m'mawa ndi madzulo, ndinayamba kuizunza. Tsiku limenelo ndinanyamula matumba awiri a feteleza, lililonse makilogalamu 50, mumsewu wamchenga dzuwa lili paliwombo. Nditafika sindinadikire kuti batire lizizire. Magetsi anali atangoyaka kumene, ndiye mukudziwa mmene timathamangira. Ndinalilumikiza ku chaja m'chipinda chamalata, pafupi ndi pomwe mayi amagona.

Cha m'ma 9 usiku mayi anandiitana. "Iwe, chikupsa n'chiyani?" Fungo lake linali la pulasitiki wopserera. Ndinazula chaja, ndinagwira batire ndi chiguduli n'kukaliika pamchenga panja, kutali ndi chigafa. Usiku umenewo sindinagone. Batire la lithiamu likayaka silimva zonena, ndipo nyumba yathu ili mapazi ochepa kuchoka pa udzu wa chigafa.

M'mawa njinga inali zii. Mnyamata wina wokonza mawailesi pa msika anatsegula bokosi, nandionetsa kabodi kobiriwira kamene amati BMS. Ntchito yake n'kuyang'anira maselo: kakaona kuti magetsi akulowa kapena kutuluka mopyola muyeso, kamadula. Pa kabodiko panali tizigawo takuda ta miyendo itatu, ma MOSFET, ndipo kamodzi kanali katang'ambika, mtovu wozungulira utasungunuka.

"Bwana, apa n'zosavuta," anatero. "Tingodumphitsa waya, bodiyi tiisiye. Lero lomwe mukwera."

Sindinama, ndinatsala pang'ono kuvomera. Nazale inali kudikira, ndalama m'thumba munalibe. Koma ndinakumbukira nkhope ya mayi usiku uja. Kabodi kaja kanafa kakugwira ntchito yake, ndiye ine ndichotse mlonda chifukwa wavulala? Ndinamupempha andibwereke mita yake yoyezera magetsi, tione kaye ngati maselo ali moyo.

Batire langa ndi la mavolti 36. M'kati muli magulu 10 a maselo a mtundu wa 18650, olumikizana motsatizana. Gulu lililonse likadzaza limafika 4.2, onse pamodzi 42. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, mphete nditavula, zitsulo titazikulunga ndi tepi kuti zisagundanitse mawaya. Tinayeza gulu ndi gulu, ine ndikulemba pa katoni. Onse anali pakati pa 3.8 ndi 3.9. Panalibe selo lotupa, lodontha kapena ladzimbiri. Likanapezeka gulu lotsika pansi pa 2.5, nkhani ikanathera pomwepo.

Mnyamata uja anafuna kungosintha ka MOSFET kamodziko. Ndinakananso, chifukwa njira za mkuwa pa bodi zinali zitadetsedwa ndi moto, ndipo pa bodipo panalembedwa 15A. Mota ikakoka katundu ngati wanga mumchenga, bodi yotere imatentha basi. Ndinatumiza chithunzi pa WhatsApp kwa msuweni wanga ku Lilongwe, ndipo patatha masiku asanu bodi ya 10S 30A inafika pa minibasi, itakulungidwa m'jumbo ngati mandasi.

Masiku asanuwo ndinatunga madzi a nazale ndi njinga yakapalasa ya bambo. Iwo ankangoseka. "Yangayi sinunkha usiku," ankatero.

Polumikiza tinayamba ndi waya wamkulu wa B-. Timawaya tating'ono 11 tinatiyeza kamodzikamodzi pa pulagi tisanailowetse, chifukwa ukasemphanitsa tiwiri tokha bodi yatsopano imapsa nthawi yomweyo. Manja anga ankanjenjemera, moti chowotcherera anagwira ndi mnzangayo. Mita itaonetsa 38 pa mawaya otulukira, tonse tinangoyang'anana.

Pano ndimanyamula thumba limodzi paulendo. Ndikafika batire limapuma ola lathunthu pamthunzi, kenako ndimachaja pakhonde, pa simenti, ndili maso. Mayi sanalikhulupirirebe. Madzulo aliwonse amadutsa n'kuligwira ndi kuseri kwa dzanja, ngati mmene ankandigwirira pachipumi ndikadwala malungo.