Kamzere pakati pa mayina awiri

Anzanga okonda chiyankhulo, lero ndabwera ndi nkhani ya kamzere kamodzi kopendekera. Anthu olemba ndi kuwerenga fan fiction akaona mayina awiri atalembedwa chonchi, Kirk/Spock, amadziwiratu kuti m'nkhanimo awiriwo ali pachikondi. Akaona Kirk & Spock amadziwa kuti ndi chinzake chabe. Mayina ndi omwewo, chasintha ndi kachizindikiro ka pakatipo. Zimandikumbutsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, mawu amene timalemba mofanana koma khutu limawasiyanitsa pomva kukwera ndi kutsika kwa liwu. Ife kusiyanako sitikulemba. Anthu awa kusiyana kwawo adakupezera chizindikiro, ndipo padalibe bungwe lowauza chochita.

Fan fiction ndi nkhani zopeka zimene munthu wokonda buku, filimu kapena sewero la pa TV amalemba pobwereka ampangankhani a mwini wake. Ndidayamba kuziwerenga ndili ku yunivesite, ndipo chimene chidandigwira mtima kuposa nkhani zenizenizo ndi timawu timene olemba amaika pamwamba pa nkhani iliyonse, totchedwa matagi. Kwa munthu amene adaphunzira za ziyankhulo, matagi ndi mtanthauziramawu amene akudzilemba yekha ife tikuona.

Gwero lake ndi lakale kuposa intaneti. Sewero la Star Trek lidayamba kuonetsedwa ku America mu 1966, ndipo mu 1967 okonda seweroli adatulutsa kamagazini kawo kotchedwa Spockanalia. Timagazini totere tidachuluka, tinkayenda pa positi, ndipo ambiri mwa olembamo adali amayi. M'zaka za m'ma 1970 ena adayamba kulemba nkhani zimene Kirk ndi Spock, amuna okhaokha, ndi okondana, ndipo ankazilemba K/S. Kamzereko pa Chingerezi ndi slash, ndiye posakhalitsa dzina la kachizindikiro lidasanduka dzina la mtundu wonse wa nkhani za amuna awiri okondana. Pambali pake pali femslash ya akazi awiri, het ya mwamuna ndi mkazi, ndi gen ya nkhani yopanda zachikondi.

Mawu akuti ship adayenda njira ina. M'zaka za m'ma 1990 okonda sewero la The X-Files amene ankalakalaka kuti Mulder ndi Scully akondane ankatchedwa relationshippers. Mawuwo adatalika pakamwa, adadulidwa nkukhala shippers, kenako ship, ndipo dzinalo lidasandukanso mneni wotanthauza kufunira anthu awiri chikondi. Ndi zomwe tidachita ife ndi kufulasha ndi kutchaja: mawu obwereka akalandira ku- kutsogolo ndi -a kumapeto, ndiye kuti apeza malo pamudzi. Palinso kuphatikiza mayina, monga Destiel kuchokera kwa Dean ndi Castiel a mu Supernatural. Pomwe Mary Sue lidali dzina la mtsikana wa m'kankhani konyogodola kamene Paula Smith adalemba mu 1973. Lero ndi dzina la mpangankhani aliyense wokongola, wanzeru, wopanda chilema, amene aliyense m'nkhanimo amamugomera. Mawu amenewa ali ndi mbola, chifukwa kawirikawiri amaponyedwa kwa atsikana ongoyamba kulemba.

Canon ndi mawu a kutchalitchi, otanthauza mndandanda wa mabuku ovomerezeka a m'Baibulo. Okonda Sherlock Holmes adawabwereka potchula mabuku 4 ndi nkhani zazifupi 56 zimene Arthur Conan Doyle adalemba yekha. Tsopano canon ndi chilichonse chimene chidachitikadi m'nkhani ya mwini wake, ndipo fanon ndi zimene okonda nkhaniyo abwereza kambirimbiri mpaka kuoneka ngati zoona. Wolemba akasamutsa ampangankhani nkuwaika kwina, asilikali nkukhala ogulitsa khofi, amalemba AU. Akadzutsa munthu amene mwini nkhani adamupha, amalemba fix-it.

Matagi ena amanena zimene mtima wa wowerenga ukumane nazo. Fluff ndi nkhani yofewa, yopanda mavuto. Angst, mawu ochokera ku Chijeremani, ndi ya nkhawa ndi kuwawidwa mtima. Hurt/comfort ndi yakuti wina wavulala kapena wasweka mtima, mnzake nkumusamalira. Slow burn ndi chikondi chochedwa kupsa, chimene wowerenga amadikira mitu makumimakumi awiriwo asadagwirane ndi dzanja lomwe. Enemies to lovers ndi adani amene mapeto ake akondana. Alipo onena kuti kulengeza zonsezi nkhani isadayambe nkuyiphera kukoma. Ine sindigwirizana nawo. Mwana aliyense wokhala pamoto madzulo amadziwa kuti Kalulu apusitsa Fisi, komabe sachoka. Chimene amadikira ndi njira imene apusitsire lero, ndi luso la wosimbayo.

Koma pali pamene matagi amasiya kukhala nkhani ya kukoma. Malo aakulu osungirako nkhanizi ndi Archive of Our Own, kapena AO3, amene adatsegulidwa kwa anthu onse mu 2009 ndi bungwe losafuna phindu la Organization for Transformative Works, lokhazikitsidwa mu 2007. Kumeneko wolemba aliyense ayenera kunena ngati nkhani yake ili ndi chimodzi mwa zinthu 4: chiwawa chofotokozedwa mwatsatanetsatane, imfa ya mpangankhani wamkulu, kugwiririra, ndi zogonana zokhudza ana. Amene safuna kuulula amaloledwa, koma ayenera kulemba poyera kuti wasankha kusachenjeza, kuti wolowamo alowe akudziwa. Mnzanga wina mayi ake atamwalira adatha chaka chathunthu akusefa nkhani zonse za imfa. Usiku tulo tikamuthawa ankawerenga, ndipo ankadziwa kuti palibe maliro amene amudzidzimutse pa tsamba lotsatira. Tagi imodzi, Dead Dove: Do Not Eat, idachokera mu sewero lanthabwala la Arrested Development, mmene munthu adatsegula thumba lolembedwa choncho nkupezamo nkhunda yakufa ndithu. Tanthauzo lake ndi lakuti zimene zalembedwa pamwambazi zilimodi, usadzati sadakuuze.

Tsono nachi chimene ndalembera zonsezi. Pa AO3 wolemba ali ndi ufulu wolemba tagi mmene akufunira. Mmodzi alemba dzina lonse la mpangankhani, wina chidule, wina dzina lophatikiza, wina m'chiyankhulo chake. Mukadayembekeza chipwirikiti. Koma pali anthu ongodzipereka, otchedwa tag wranglers, amene ntchito yawo ndi kulumikiza matagi ofanana tanthauzo kuseri. Sasintha zimene wolemba walemba. Amangouza kompyuta kuti ichi ndi ichi ndi chimodzi, kotero wofufuza ndi mawu aliwonse amapeza nkhani zonse. Mu 2019 AO3 idalandira mphotho ya Hugo, imene ndi yolemekezeka kwambiri pa nkhani zopeka za sayansi.

Ndikaganiza za ntchito ya anthuwa ndimakumbukira mikangano yathu. Kuyambira mu 1968 ku Malawi timati Chichewa, ku Zambia ndi ku Mozambique amati Cinyanja. Ife timalemba chinthu, anzathu a ku Chipata cinthu. Wa ku Lusaka akuti manje, wa ku Dedza akuti tsopano. Ngakhale dzina la chimene timakondachi lili patatu: chiyankhulo, chilankhulo, chinenero. Nthawi zambiri funso lathu limakhala lakuti cholondola ndi chiti, ndipo wogonja amachoka ali chete osalembanso. Kalembedwe kamodzi kali ndi malo ake, m'kalasi ndi m'mabuku a boma, sindikutsutsa. Koma pa mtanthauziramawu wa pa intaneti, kapena posunga zolemba za mayiko athu onse, njira yolumikiza ingatipindulire kuposa yofufuta. Aliyense alembe monga adayamwira, ndipo ena a ife tigwire ntchito ya kuseri yomanga mfundo.

Nanga matagi enieniwo angamveke bwanji m'chiyankhulo chathu? Ndayesako awiri. Hurt/comfort ndingati kudwazika, chifukwa mneni mmodzi ameneyu wanyamula wodwala ndi womusamalira yemwe, kugona pansi pambali pa bedi ndi kuphika phala mbandakucha. Chingerezi chidafunika mawu awiri ndi kamzere. Slow burn ndingati moto wa chikuni, umene sulilima koma m'mawa umapezeka ukadali ndi makala. Enemies to lovers yandikanika, ndipo ndikuisiya m'manja mwanu, makamaka inu a kutsidya kwa malire. Ndikudziwa kuti mawu opangidwa ndi munthu mmodzi pa desiki sakhalitsa. Slash ndi ship adakhala chifukwa anthu ankawafuna tsiku ndi tsiku pofunafuna chowerenga. Athuwanso adzakhala pokhapokha wina atalemba nkhani m'Chichewa nkuwaika pamwamba pake, wina nkuwafufuza.