Chigayo Chimodzi, Mudzi Wonse: Phunziro la ku Mvurwi

Mlendo wochokera ku Harare akayenda makilomita pafupifupi 100 cha kumpoto amafika ku Mvurwi, tauni yomwe kale inkatchedwa Umvukwes. Chakumadzulo kwandanda mapiri a Great Dyke, ndipo m'nyengo yokolola mabalani a fodya amafuka utsi usana ndi usiku. M'makomboni mumamveka Chichewa, pakuti ambiri okhalamo ndi zidzukulu za anthu amene anadza kudzagwira ntchito kuchokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique.

Mafamu akuluakulu atagawidwa kuyambira m'chaka cha 2000, alimi ambiri anayamba kudalira thirakitala yobwereka. Chigayonso si cha m'nyumba iliyonse: mayi amasenza chimanga, kuima pamzere, n'kubwerako ndi ufa.

Umo ndi momwe dziko likugwiritsira ntchito makompyuta a quantum, omwe akatswiri akuyembekeza kuti adzathandiza pofufuza mankhwala ndi feteleza. Mlimi wa fodya amadziwa kuti moto wa m'balani ukasinthasintha, tsamba limawonongeka. Makina amenewa ndi osachedwa kusokonezeka kuposa pamenepo. Amene kampani ya IBM imapanga amakhala m'furiji yapadera yozizira pafupifupi madigiri 273 pansi pa ziro, ndipo kakutentha kapena kakugwedezeka pang'ono kamasokoneza tizigawo towerengera totchedwa qubit. Amafunanso magetsi osazimazima ndi akatswiri owakonza kawirikawiri. Munthu wamba sangakwanitse zonsezi.

N'chifukwa chake mu 2016 IBM inalumikiza makina ake a ma qubit 5 ku intaneti kuti aliyense atumizeko ntchito yake, adikire pamzere, alandire yankho. Mu 2019 yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg inakhala yoyamba mu Africa kulowa m'gulu la IBM logwiritsa ntchito makinawa. Ku Zimbabwe nako, kompyuta yamphamvu yomwe inakhazikitsidwa pa University of Zimbabwe mu 2015, ngakhale si ya quantum, cholinga chake ndi kutumikira ofufuza ambiri.

Choncho mwana wa pakomboni ku Mvurwi safunika kugula makinawa. Chomwe akusowa ndi njira yopitira kuchigayoko: masamu ophunzitsidwa bwino, intaneti yotsika mtengo ndi magetsi odalirika. Mu 2019, madzi atachepa ku Kariba, magetsi m'dzikoli ankazima mpaka maola 18 patsiku. Pamene zikhala chomwecho, chigayo chidzagayira okhawo amene akutha kufikako.