Chimbale cha m'sutikesi ya amalume

Amalume anabwerera kumudzi mu 1993, nkhondo itatha, atakhala zaka zambiri ku Kitwe m'dziko la Zambia. Anatsika m'boti ndi sutikesi imodzi yamalata. M'katimo munali majekete awiri, Baibulo, ndi chimbale chakuda, chachikulu ngati mbale yopakulira nsima, chili m'chikuto chakatoni chonyenyeka m'makona. Pachikutopo panalembedwa kuti WITCH, komanso Lazy Bones!!

Amayi anachita mantha. Munthu wina wa kutchalitchi amene ankadziwa Chingerezi anawauza kuti liwu loyambalo limatanthauza mfiti. Amalume anaseka mpaka kutsokomola. Anati limenelo ndi dzina la gulu la oimba, zilembo zoyamba za mawu akuti We Intend To Cause Havoc, ndiye kuti anyamatawo ankalonjeza kudzetsa chipwirikiti.

Kwathu kunalibe magetsi, kunalibenso galamafoni. Chimbalecho ndinkachidziwa ndi manja basi. Ndinkayendetsa chikhadabo m'timizere take n'kumadabwa kuti mawu a anthu alowamo bwanji. Madzulo, mwera ukaletsa asodzi kupita kukawedza usipa, amalume ankatisimbira za woimba wamkulu wa gululo, Emmanuel Chanda, amene anthu anamupatsa dzina loti Jagari pomufanizira ndi Mick Jagger. Ankaimirira n'kumatisonyeza mmene ankalumphira, ife n'kumagubuduka pamchenga ndi phwete.

Nyimbozo ndinazimva koyamba amalume atamwalira kale. Ndinali ku Lichinga pa maphunziro a ntchito ya pawailesi, ndipo mnzanga anazipeza pa intaneti. Gitala yake inali yaukali, yosasa ngati mawu a munthu amene wachezera kufuula pa mpira. Ng'oma zinkathamanga osayang'ana m'mbuyo. Mu 1976 ndi 1977 achinyamata a ku London ndi New York anatchuka ndi nyimbo zaphokoso, zosakometsera, zotchedwa punk. Anyamata a ku migodi ya mkuwa anali atayamba kale phokoso lawolawo, limene lero limatchedwa Zamrock.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikutsata zimbale zawo chimodzichimodzi. Choyamba, Introduction, anachijambula kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Tepi yake inapita mpaka ku Nairobi kuti akadinde zimbale, ndipo anyamatawo ankazigulitsa okha kumene akuimba. Kenaka kunabwera In the Past, ndipo mu 1975 kunatuluka Lazy Bones!!, cha m'sutikesi chija, chimene anachijambula mu situdiyo ya DB ku Lusaka. Lukombo Vibes chinatsatira mu 1976. M'zaka zomwezo boma la Kenneth Kaunda linalamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pawailesi zikhale za m'dzikomo. Ine amene ndimakhala kumbuyo kwa maikolofoni ndimadziwa kulemera kwa lamulo lotere. Wailesi ikafuna nyimbo zakwanu, wina amayenera kuzijambula.

Zinthu zinadzasintha. Mtengo wa mkuwa unagwa, ndalama zinasowa, madisiko analanda malo a magulu oimba. Jagari anachoka kukaphunzira uphunzitsi, pambuyo pake n'kukakumba miyala yamtengo wapatali. Otsalawo, pamodzi ndi Patrick Mwondela pa kiyibodi, anatembenukira ku disiko: Movin' On mu 1980 ndi Kuomboka mu 1984. Kenaka zii. Edzi inatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo, ndipo mwa amene anayambitsa gululi anatsala Jagari yekha.

Koma zimbale zinatsala, m'masutikesi ndi m'makabati a anthu. Mu 2012 kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inatulutsanso nyimbo zawo zakale. Anthu amene anali asanabadwe mu 1975 anayamba kuzifunafuna. Jagari ndi Mwondela anakweranso pansanja ndi oimba achinyamata a ku Ulaya, ndipo mu 2023, patatha zaka 39 chitulukire Kuomboka, anatulutsa Zango, chojambulidwa mu situdiyo yomwe ija ya DB. Mu 2025 kunabwera Sogolo. Dzina limeneli Mnyanja aliyense alimva, ngakhale anzathu a ku Lusaka anataya chilembo choyamba.

Mbiri imeneyi imandisangalatsa, koma imandilasanso, chifukwa ndili ndi mlandu.

Chaka china kunabwera agogo ena ochokera kumbali ya Cóbuè, bangwe ali m'thumba la mpunga. Anayenda tsiku lathunthu pa boti. Anaimba pa pulogalamu yanga ola lathunthu: nyimbo za ulendo wa ku migodi, za njala, za kuthawira ku Likoma nthawi ya nkhondo. Foni inkalira osaleka. Ndinajambula zonse pa kompyuta. Patapita miyezi ingapo kompyutayo inadzaza, ndipo panali mauthenga a maliro ndi kalasi ya za kolera zofunika kukonza tsiku lomwelo. Ndinafufuta mafayilo akale osawatsegula. Mumtima ndinati agogowo adzabweranso.

Amene anabwera ndi mdzukulu wawo, atamanga chitenje chakuda. Anagwada pakhomo la situdiyo, fulashi ili m'manja.

“Bambo, agogo anatisiya mwezi watha. Amayi andituma kuti mutipatseko mawu awo aja, tikamve pa sadaka.”

Ndinakhala pa kompyuta ndikutsegula mafoda amene ndinkadziwa kale kuti mulibe kanthu. Pomaliza ndinamuuza zoona.

“Mwanangu, ndinafufuta ndine. Pepani.”

Sanandikalipire. Anati zikomo, n'kubweza fulashi ija m'kansalu kake. Bola akanandikalipira.

Kuno ku Niassa tili nacho chitsanzo chathu. Massukos, gulu la ku Lichinga la Feliciano dos Santos, linayamba mu 1994, koma chimbale chawo choyamba, Kuimba kwa Massuko, chinatuluka mu 2001, ndipo Bumping chinatsatira mu 2007. Zaka zisanu ndi ziwiri zoimba popanda chimbale! Iwo anapirira mpaka mawu awo anasungika. Nanga magulu a mganda ndi chioda a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, amene chaka chilichonse amapeka nyimbo zatsopano n'kusiya zakale? Mafoni amajambula pa bwalo, inde, koma foni ikagwera m'madzi zonse zapita.

Tsopano aliyense woimba pa pulogalamu yanga ndimamusunga pawiri: pa kompyuta, ndi pa fulashi imene imagona kwathu. M'kope ndimalemba dzina lake, mudzi wake, tsiku, ndi mitu ya nyimbo. Asanakwere boti ndimamuikira zake pa foni kapena pa memori khadi. Amene muli ndi makaseti akale m'nyumba, kaya a kwaya, kaya a ukwati, musawataye chifukwa wailesi yake inafa. Bwerani nawo tiwasamutse.

Fulashiyo ndimaisunga m'sutikesi ya amalume, pamwamba pa Lazy Bones!! Chimbalecho chinapindika ndi kutentha, ndipo mpaka lero singano sinachikhudzepo kuno kunyanja.