Khadi Losagwiridwa ndi Mwana

Ku America kuli malonda ena amene ndikawaganizira ndimagwira pakamwa. Anthu akuluakulu, a imvi zawo, amalimbirana timakhadi tokhala ndi zithunzi za osewera mpira wa baseball, tina tochepa kuposa chikhatho cha mwana, pa mtengo woti n'kumangira sukulu zingapo. Komatu chimene chimandikoka mtima ine si ndalamazo ayi, koma momwe anthuwo amayezera khadi lakale pofuna kudziwa mtengo wake.

Pachiyambi makhadiwa sanali chuma. Pakati pa 1909 ndi 1911 kampani ya American Tobacco Company inkawaika m'mapaketi a ndudu ngati nyambo yokopera osuta. M'zaka za m'ma 1950 kampani ya Topps inkawagulitsa pamodzi ndi chingamu, ndipo ogula ake anali ana. Anawo ankasinthana makhadi, kuwamanga ndi kamphira, kuwaponya kukhoma popikisana, ena n'kumawapanikiza ku masipoko a njinga kuti izilira ngati yamoto. Mwana akakula, bokosi lonse linkathera kudzala. N'chifukwa chake khadi la zaka zimenezo lopanda banga ndi losowa kwambiri.

Masiku ano mwini khadi amalitumiza ku makampani oyeza monga SGC kapena PSA, imene inayamba mu 1991. Woyeza amaliunika pansi pa nyali yowala ndi galasi lokuza zinthu. Amaona ngati ngodya zonse zinayi zili zosongoka, ngati m'mphepete simunathetheke, ndiponso ngati pankhope pake palibe mkwinya, dontho kapena kusuluka kwa mtundu. Amaonanso ngati chithunzi chinakhala pakati penipeni, ndipo apa mpamene ine ndimamva chisoni, pakuti ameneyu ndi mlandu wa makina odulira mapepala kufakitale, osati wa mwini khadi. Akatha amalipatsa nambala yoyambira pa 1 kulekeza pa 10 n'kulitsekera m'kabokosi ka pulasitiki. Mlimi wa fodya sangadabwe nazo zimenezi, popeza amadziwa kuti masamba a mumzere umodzi amasiyana mitengo akafika ku okushoni.

Mu Ogasiti 2022 khadi la Mickey Mantle la mu 1952, limene SGC inalipatsa 9.5, linagulidwa pa madola 12.6 miliyoni. Lina lofanana nalo, nkhope yomweyo ndi pepala lomwelo, koma lopindika ngodya, silingafike ngakhale pa gawo limodzi mwa magawo khumi a mtengowo. Ndiye kuti msika ukulipira chiyani? M'kuona kwanga ukulipira khadi limene palibe mwana analikonda mpaka kugona nalo m'thumba.

Nambala ikakhala ndi mphamvu yotere, mpeni sukhala patali. Khadi lodziwika koposa onse ndi la Honus Wagner, wosewera wa timu ya Pittsburgh Pirates, lochokera m'gulu la makhadi a m'ndudu aja lotchedwa T206. Linaleka kusindikizidwa msanga, choncho otsala ndi owerengeka. Limodzi la makhadiwa, looneka ngati latsopano, linagulidwa mu 1991 ndi Wayne Gretzky pamodzi ndi Bruce McNall pa madola 451,000. Ndilo linali khadi loyamba kuyezedwa ndi PSA, ndipo linalandira 8. Pofika mu 2007 mtengo wake unali madola 2.8 miliyoni. Koma mu 2013 Bill Mastro, katswiri pa malondawa, anavomera pamaso pa khoti kuti zaka zambiri m'mbuyomo anasenga m'mphepete mwa khadilo kuti lioneke lakuthwa ngodya. Paja amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwa lamulo la oyeza eni ake, khadi losengedwa silipatsidwa nambala. Amangolemba kuti ndi lenileni koma losinthidwa.

Sindikunyoza ntchito ya oyeza. Munthu wogula khadi limene sanaligwirepo, kwa wogulitsa amene samudziwa, amafunika mboni, ndipo makhadi achinyengo ngambiri. Chimene ndikukana n'chakuti mkwinya uliwonse uziwerengedwa ngati chilema basi. Mzere wosiyidwa ndi kamphira umandiuza kuti khadi ili linali pamwamba pa mulu, kutanthauza kuti mwini wake ankalikonda kuposa ena onse. Ngodya zobulungira zimandiuza kuti linayenda m'matumba. Zimenezi galasi la woyeza limaziona bwinobwino, koma limaziona pofuna kuchotsera malikisi.

Khadi la Wagner limene ine ndikanakonda kulisunga si lija la 8 ayi. Ndi lina limene masisitere a chipani cha School Sisters of Notre Dame ku Baltimore analandira ngati chuma chamasiye kuchokera kwa mlongo wake wa sisitere wina. Linali lamkwinya waukulu, lodulidwa m'mbali zitatu, lomatidwanso pulasitiki, ndipo palibe amene anayesa kubisa zilondazo. Linagulitsidwa mu 2010, ndipo masisiterewo anapezapo madola pafupifupi 220,000, amene anathandizira ntchito zawo m'maiko osiyanasiyana.